Usadzalowe M'nyumba ya Maliro

Kunkazizira ngati kwalodzedwa, koma Sekani ndi mayi ake anakhala panja pomwepo, pamasitepe a nyumba ya anamfedwa ku Tottenham, atakulunga zitenje pamwamba pa majekete. M'katimo amayi a mpingo ankaimba, mawindo atachita nthunzi ndi kufunda. Alendo ankawayang'ana awiriwo n'kupukusa mitu, koma owadziwa anasiya kale kudabwa. Akazi a mtundu wa Mayi Beatrice Sakala salowa m'nyumba ya maliro. Amapepesa ali panja, amalira ali panja, kugwe mvula kapena matalala.

Lamuloli anasiya ndi gogo Justina, agogo awo a Mayi Beatrice, amene anamwalira kalekale ku Chipata. Akuti atatsala pang'ono kutsirizika anagwira mkono wa mwana wawo wamkazi n'kunena kuti, "Mkazi wa magazi anga asadzalowe m'nyumba ya maliro. Wolowamo amasiyamo mwana." Palibe anafunsa tanthauzo, poti munthu amene akupuma komaliza sumupanikiza ndi mafunso ngati wapolisi. Mawuwo anangoyenda kuchoka kwa mayi kupita kwa mwana, mpaka anakwera ndege n'kudzakhala pamasitepe ozizira a ku London.

Kale Sekani ankaliseka lamuloli. Tsiku limeneli sanaseke. Anali ndi pakati, ndipo padziko lonse ankadziwa ndi iye yekha. Ngakhale mwini mimbayo anali asanamuuze.

Mwini mimbayo ndi amene anatuluka atanyamula makapu awiri a tiyi. Reinford anali mnyamata wa ku Mchinji, wamtali, woyererako khungu, wokhala ndi kachigamba ka imvi pamwamba pa khutu lamanzere kamene anabadwa nako. Anakumana ndi Sekani m'sitolo ya zakudya zakwathu ku Seven Sisters, onse atagwira paketi yotsiriza ya tinsomba touma, wina akuti ndi usipa, wina akuti ndi kapenta. Mkanganowo sunathe mpaka lero, koma paketiyo anakadyera limodzi.

"Mayi, landirani tiyi, mungazizidwe," anatero Reinford atawerama.

Mayi Beatrice analandira kapu osamuyang'ana. "Zikomo. Ba Killian, malume ba Sekani, babwera pa Sunday kukamba nkhani yanu. Bazakufunsa dzina. Uzakamba chani?"

"Ndidzanena lomweli, mayi. Malo."

"Malo ni dzina? Malo ni pokhala. Nifunsa mfunda wako."

Dzinalo polemba linali Mallerowe, zilembo zodzaza mzere, koma azungu ali ndi chizolowezi cholemba zambiri n'kumeza theka, choncho aliyense mu London ankangoti Malo. Reinford anafotokozanso, monga anachitira kambirimbiri, kuti agogo ake aamuna anali mwana wa mzungu, anakulira ku mishoni, ndipo mayi awo sanawadziwe.

"Mtengo wopanda mizu," anatero Mayi Beatrice akuuzira tiyi. "Mwana wanga simupereka kwa munthu wamene siniziba kwamene anachoka."

Chitseko chinatsegukanso. Anatuluka Carol, mtsikana wa ku Blantyre amene anali pachibwenzi ndi Reinford ali ku yunivesite, ndipo nkhani yoti chibwenzicho chinatha ankaitenga ngati mphekesera chabe. Anapatsa moni Mayi Beatrice mwaulemu wonse, kenako n'kutembenukira kwa Sekani.

"Shame, mukadali panja? Anthu ena amaopa maliro ngati iwo sadzafa." Anamwetulira n'kugwira phewa la Reinford. "Rein, usaiwale Saturday. Ndinavutika nawo kuwapeza abale akowo."

*

Madzulo ake foni ya Sekani inalira ali m'basi. Anali Reinford.

"Wakwiya?"

"Saturday kuli chani chamene Carol aziba ine siniziba?"

"Ndimafuna ikhale surprise. Anapeza pa internet kuti anthu a dzina langa amakumana kamodzi pachaka ku Greenwich. Ndinawalembera, andiitana. Tipitire limodzi. Mayi ako akufuna mizu, ndikawakumbira mizu."

"Na Carol azabwera?"

"Sindinamuitane."

"Sindiye vamene nafunsa."

Reinford anatumiza chithunzi cha paketi ya tinsomba, pansi pake atalemba kuti, "Chabwino, ndi kapenta. Ndagonja." Sekani anaseka yekha m'basimo mpaka mayi wina anamuyang'ana. Ankamukonda mnyamatayu, ankamukonda mopweteka, ndipo anatsimikiza mumtima kuti akachoka ku Greenwich adzamuuza za mwanayo.

*

Loweruka masana chifunga chinakwera kuchokera mu mtsinje wa Thames n'kuphimba Greenwich yense. Sekani ndi Reinford atatsika sitima ya DLR anakwera chitunda wapansi, nyumba zikuonekera imodziimodzi ngati zikuchita manyazi. Imene ankafuna inali kumapeto kwa msewu, yayitali, ya njerwa zakuda, makoma atayangidwa ndi zomera zouma. Pageti panaima Carol, foni ili m'manja.

"Ndangobwera kudzajambula," anatero. "History imeneyi."

Sekani analibe mpata woyankha, poti chitseko chinali chitatseguka kale asanagogode. Panaima gogo wachizungu wowonda, woongoka ngati mtengo wa mbendera, atagwira ndodo. Uyu anali Miss Jessica Mallerowe, mwini nyumba. Anagwira Reinford chanza, n'kuyang'ana kachigamba ka imvi kaja, n'kugwedeza mutu ngati munthu amene walandira katundu wake ali bwinobwino. Kenako maso ake anafika pa Sekani ndipo anakhazikika pomwepo.

Miyendo ya Sekani inakana. Sankadziwa chifukwa chake. M'nyumbamo munkatuluka fungo la fodya wakale wosasutidwa, longa la m'chigafa, fungo limene analimva komaliza ali mwana kumudzi kwa mayi ake.

"Lowa," anatero gogoyo, ndipo mawu amenewa anawanena m'Chinyanja. Kenako anabwerera ku Chingerezi. "Uponde bwino pakhomopo, mwana wanga. Mmene ulilimu sufunika kugwa."

Reinford anali akuvula jekete, sanamve. Sekani anamva, koma Carol anali kumbuyo kwake akumwetulira, ndipo mkazi sabwerera pakhomo mnzake wopikisana naye akuona. Analowa.

*

A Mallerowe analipo ochepa. Dzinalo linali losowa moti onse okhala nalo mu England akanakwana m'basi imodzi, mipando ina n'kutsala. Ambiri anali okalamba, olankhula motsitsa, ndipo mwana munalibe ndi mmodzi yemwe. Anapatsidwa tiyi ndi keke ya zipatso zouma. Sekani anali ndi njala ya amayi oyembekezera, imene simva manyazi, ndipo anadya zidutswa ziwiri.

Kenako Miss Jessica anawatenga kukawaonetsa zithunzi zimene zinapachikidwa m'mbali mwa masitepe, kuyambira pansi kukwera m'mwamba.

"Ndife ochepa, koma sitinadutse mwakachetechete," anatero akuloza ndi ndodo. "Uyu ankapanga mawotchi a sitima zapamadzi, oyendetsa sitima ankachita kulimbirana ntchito yake. Anafa ali gonthi, wotchi zake osazimvanso. Uyu anali woimba, nthawi ya nkhondo ankaimbira anthu obisala pansi pa nthaka mabomba akugwa. Uyu anali goloboyi, anthu ankati mpira umachita kumuopa. Uyu dokotala wa maso."

Reinford ankayenda pang'onopang'ono, kukamwa kuli yasa. Nkhope zinali zosiyana, zovala zosiyana, koma aliyense, mwamuna kapena mkazi, anali ndi kachigamba koyera pamwamba pa khutu lamanzere. Mnyamata amene anakula akunenedwa kuti ndi mzungudala wopanda kwawo anali kuona khoma lonse la anthu ake. Sekani anamuona akupukuta m'maso mobisa, ndipo anamumvera chisoni ndi chimwemwe nthawi imodzi.

"Nanga ana awo ali kuti?" anafunsa Carol akujambula.

"Kutchuka tinapatsidwa," anayankha gogoyo. "Ana ndiwo anatimana. Wa mawotchi anasiya mmodzi. Woimba sanasiye. Ine sindinasiye. Nyumba ino yakhala nthawi yaitali osamva kulira kwa khanda."

Chithunzi chotsiriza chinali pamwamba penipeni, pamalo a mdima pang'ono. Chinali chakale, chachikasu. Mzungu wa kabudula ndi chipewa anakhala pampando pakhonde la nyumba ya malata, kumbuyo kukuoneka zigafa.

"Bambo anga, Edgar. Ankalima fodya kufupi ndi Fort Jameson, kumene masiku ano mukuti Chipata. Fodya wake anapambana mphotho kuno ku London. Ine ndinabadwira komweko, ndi chifukwa chake ndikukumbuka timawu tanu pang'ono."

"Kwanu kumeneko, Seka!" anatero Reinford. "Ndiye a Malo anafika mpaka kwanu?"

Ndodo inagunda pansi. "Malo! Achinyamata mwaliwononga dzinali ndi ulesi wa pakamwa. Bambo anga akanakuthamangitsa. Dzina lathu limatchulidwa lonse." Anadula mawuwo bwinobwino ngati akuphunzitsa mwana. "Ma-li-ro. Antchito ake ankamutchula bwino kuposa Angerezi. Bwana Maliro. Iye ankaseka, chifukwa ankadziwa tanthauzo lake m'chilankhulo chanu. Ndipo nyumba iyi ya pachithunziyi, dera lonse linkaitcha nyumba ya Maliro. Inonso, bambo atabwerera, anaitcha chomwecho."

Sekani anagwira chitsulo cha masitepe. Zaka zonsezo! Agogo ake, mayi ake, azakhali, iye mwini, kunyowa ndi mvula kunja kwa nyumba za anamfedwa, kunyozedwa kuti ndi odzikonda, kusiya abale awo akulira okha m'kati. Ankathawa nyumba yolakwika. Gogo Justina sankanena za imfa ayi, ankanena dzina la munthu.

"Yang'anitsitsa kumbuyo kwa mpandowo," anatero Miss Jessica, osati kwa Reinford koma kwa iye.

Kumbuyo kwa mzunguyo, mumthunzi wa khonde, kunaima mtsikana wovala chilundu atanyamula khanda loyera. Sankamwetulira. Mphumi, milomo, kaimidwe kopendeketsa mutu, ngakhale kadontho kakuda pansi pa diso lamanja, zonse Sekani ankazidziwa, poti ankaziona m'mawa uliwonse pagalasi.

"Ee! Koma ndiye mwafanana!" Reinford anaseka modabwa. "Carol, taona!"

Carol anali atajambula kale.

"Khandalo ndi agogo ako, Reinford," gogoyo anapitiriza ndi mawu osakwera osatsika. "Mayi anga atabwera kuchokera ku England sanafune kuliona pakhomo. Bambo analitenga n'kukalisiya ku mishoni tsidya la malire. Mtsikanayo sanamuuze kumene analipititsa. Akuti ankabwera pageti tsiku ndi tsiku, dzinja lonse, kumangoima. Sankalira, sankatukwana. Kenako anasiya kubwera."

"Dzina lake anali ndani?" Mawu a Sekani anatuluka ngati a munthu wina.

"Ukulidziwa," anatero Miss Jessica. "Justina."

*

Sekani anayesa kumukokera pambali Reinford, koma chimwemwe chinali chitamutseka makutu. Mnyamatayo anamugwira dzanja n'kumukwezanso masitepe ena, opapatiza, opita kuchipinda chapamwamba.

"Dikira kaye, surprise yeniyeni ndi iyi. Tinakambirana pa foni ndi Auntie Jessica. Nyumba yonseyi akukhalamo okha, akuti tikakwatirana tidzakhale kuno, floor yonse yapamwambayi ndi yathu. Seka, tangoganiza! Mayi ako adzanenanso kuti ndilibe mizu?"

"Rein, nimvelere..."

"Ndavomera kale. Kumene ndikukhala ku Wembley ndapereka notice, mwezi ukatha ndikutuluka."

Anakankha chitseko. Chipindacho chinali chofunda, chosesedwa, makatani atsopano. Pafupi ndi windo panali kabedi ka mwana ka matabwa akuda, kakale koma kopukutidwa mpaka kunyezimira, koyalidwa nsalu zoyera. Pamwamba pake panapindidwa kajuzi kaubweya kongolukidwa kumene, singano zolukira zikadali pambali.

Reinford anaseka. "Akuluakulu nawo kufulumira! Ndinawauza kuti za ana n'zapatsogolo."

"Unabauza chani za ine?"

"Dzina lako basi. Ngakhale chithunzi chako sanachione."

Windo linali lotseka, mphepo munalibe, koma kabediko kankagwedera pang'onopang'ono ngati wina wangochotsapo dzanja. Mwina ndi matabwa a pansi amene anagwedezeka iwo polowa. Sekani anadziuza choncho, koma thupi lake silinakhulupirire.

Foni inalira m'chikwama. Anali mayi ake.

*

Sekani anatsika masitepe onse akuthamanga, kudutsa dokotala, goloboyi, woimba, wa mawotchi, maso awo onse akumuperekeza. Anayankha ali m'khonde la m'kati, pafupi ndi chitseko.

"Iwe Sekani, uli kuti?" anafunsa Mayi Beatrice. "Uyu Carol watuma picture pa group ya church, ati onani mpongozi wa azungu. Kumbuyo kwanu pa wall kuli ambuya Justina. Ambuya banga! Nibaziba, tili na picture yabo ku Chipata. Bachita chani pa nyumba ya muzungu?"

Sekani anafotokoza, mawu akuthamangitsana. Anatchula dzinalo monga analitchulira gogo uja, lonse, osameza kanthu. 

"Mayo ine," anatero mayi ake motsitsa. "Amai banga banamwalira, ine ninakhala panja. Sininabasambike, sininabaone nkhope. Ninakhala panja monga galu, kumvera lamulo." Analira pang'ono, kenako mawu anauma. "So uyo munyamata ni muzukulu wa Justina naye. Magazi amodzi na iwe, na dzina la uja anaba mwana. Ukwati palibe. Nizabauza ba Killian basavutike kubwera. Uli pa gate, ai? Usangene."

Sekani anatseka maso.

"Sekani. Nikufunsa. Wangena?"

"Nangena, mummy."

"Wadya chabo?"

"Nadya."

"Choka mo manje manje! Mulungu ni wabwino, ulibe mwana wakuti usiyemo. Choka chabe, tizapemphera." Anadikira yankho. Silinabwere. Mayi ndi mayi, amamva ngakhale zimene mwana sananene. "Sekani? Ulibe, ai? Kamba kuti ulibe!"

Misozi inatsika yokha. Anadula foni.

Atatembenuka anapeza Reinford ataima pakati pa masitepe, nkhope itasintha. Anali atamva mbali yake yokha ya nkhaniyo, koma inali yokwana kumuchotsa chimwemwe. Kumbuyo kwake Carol anatsitsa foni, ndipo kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo sankamwetulira.

"Seka, chachitika n'chiyani? Mayi akuti bwanji?"

"Tiye tichoke, Rein. Nikupempha. Ngati unikonda, tenga jacket tichoke, usabwelenso kuno."

"Ndichoke? Moyo wanga wonse ndakhala ndikufunafuna khomo limeneli. Ndalipeza lero, ndiye ndilithawe chifukwa cha mawu a munthu amene anamwalira kalekale?"

"Munthu uyo ni ambuya bako naiwe! Banaima pa gate dzinja lonse kufuna mwana wabo."

Reinford anayang'ana m'mwamba kumene kunali zithunzi, n'kuyang'ana Sekani, n'kuyang'ananso m'mwamba. Sanatsike, sanakwere. Sekani anaona kuti mwamuna wake wagwidwa pakati, ndipo zinamuwawa kuposa mawu onse a mayi ake.

Anatsegula yekha chitseko. Chifunga chinali chitafika mpaka pakhonde, geti osaoneka. Atangoponda panja anamva ndodo ikugogoda pansi kumbuyo kwake, pang'onopang'ono, mosafulumira. Miss Jessica anaima pakhomo atanyamula kajuzi kaubweya kaja. Anakaika m'manja mwa Reinford, amene anali atatsika tsopano, ndipo mnyamatayo anakayang'ana osamvetsa.

"Sanakuuze?" gogoyo anamufunsa mokoma mtima. "Ukhala bambo, mwana wanga. Dzina lathu silifa."

Reinford anadzutsa mutu. "Seka? N'zoona?"

Manja onse awiri a Sekani anali atagwira kale pamimba. Miss Jessica anamuyang'ana ndi maso odekha, ngati a munthu amene wadikira nthawi yaitali ndipo kudikira pang'ono kotsalako sikungamuvute. Analankhula m'Chinyanja chake chakale cha pakhonde la bambo ake, mawu aliwonse omveka bwino.

"Pita bwino, Justina. Geti ukulidziwa."